Matope a ku Matsiriro a Zambezi ndi Mvula ya kwa Kanduku

Mu Disembala 2011 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza nkhani ya masamba anayi yolembedwa ndi Enno Schefuß wa ku yunivesite ya Bremen ku Germany pamodzi ndi anzake anayi. Funso lawo ndi limodzi: pa zaka 17,000 zapitazi, n'chiyani chinkachulukitsa mvula kum'mwera chakum'mawa kwa Africa? Dzina la Kanduku simungalipezemo, koma nkhaniyi ndi yathu. Mvula ikagwa m'minda ya manachesi kwa Kanduku ku Mwanza, madzi ake amatsika ndi mitsinje kukalowa mu Shire, Shire n'kukathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatula dothi lonselo m'nyanja ya Indian. Pamenepo ndi pamene olembawa anazika paipi pansi pa nyanja n'kuzula matope amene akhala akusanjikizana chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ikuyamba ndi kugwetsa ganizo limene ambiri ankalikhulupirira, lakuti mvula ya kuno inkatsatira kutentha kwa nyanja ya Indian. Ganizolo ndi lomveka, pajatu chinyezi chathu chambiri chimachokera kumeneko. Koma olembawa anayeza zonse ziwiri m'matope amodzimodziwo, kutentha kwa nyanja ndi kuchuluka kwa mvula ya kumtunda, ndipo anapeza kuti sizinkayendera limodzi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya nkhaniyi. Akanatenga umboni wa nyanja pena, wa kumtunda pena, wotsutsa akanati zaka zinawerengedwa mosiyana. Pamene zonse zachokera m'paipi imodzi, mpata umenewo watsekeka.

Nanga mvula ya makedzana munthu angaiwerenge bwanji m'matope? Tsamba lililonse lili ndi kaphula kopyapyala pamwamba pake, kamene kamaliteteza kuti lisaume. Chomera chimapanga phulalo ndi madzi amene chamwa, ndipo m'madzi muli haidrojeni wamitundu iwiri, wopepuka ndi wolemera. Mvula ikamagwa yambiri, wolemerayo amachepa m'madzi ake. Tsamba limafota n'kuwola, koma phula siliwola msanga. Limakokoloka ndi dothi n'kukagona pansi pa nyanja zaka zikwizikwi, likusungabe chizindikiro cha mvula imene inalilera. Olembawa anayezanso kuchuluka kwa zinthu za m'nthaka ya kumtunda zimene mtsinje unkabweretsa. Maumboni awiriwa analoza nthawi zofanana: mvula inachuluka pafupifupi zaka 16,000 zapitazo, inachulukanso pafupifupi zaka 12,000 zapitazo, kenaka m'zaka 4,000 zomalizirazi.

Nthawi ziwiri zoyambazo akatswiri amazidziwa bwino, koma amazidziwira kutali kwambiri ndi Mwanza. Mu 1988 Hartmut Heinrich anafotokoza za mizere isanu ndi umodzi ya timiyala m'matope a pansi pa nyanja ya Atlantic ya kumpoto. Timiyalato tinanyamulidwa ndi zibuma zikuluzikulu za madzi oundana zimene zinkagumuka ku chimulu cha ayezi chimene chinakuta Canada, n'kutulukira pa Hudson Strait. Zibumazo zikamasungunuka zinkagwetsa timiyala pansi, n'kusiya madzi opanda mchere pamwamba. Tsono kumpoto kwa Atlantic madzi ofunda ochokera kum'mwera amazizira, n'kulemera chifukwa cha mchere wake, n'kumira. Kumirako ndi kumene kumakoka madzi ena ofunda kuti abwere. Madzi opanda mchere ndi opepuka, amangoyandama ngati mafuta pa msuzi. Kumira kukachepa, kutentha sikufikanso kumpoto, ndipo dera lonselo limazizira mwadzidzidzi. Nthawi ya zaka 16,000 ija imatchedwa ndi dzina la Heinrich. Inayo ndi Younger Dryas, kuyambira zaka 12,900 mpaka 11,700 zapitazo.

Chochititsa chidwi powerenga n'chakuti Schefuß ndi anzake sanamangirire mfundo yawo pa mtsutso wa kumene madzi opanda mchere a nthawi ya Younger Dryas anadzera. Mtsutsowo ulipo ndithu. Mu 1989 Wallace Broecker ndi anzake anati madzi a nyanja yakale ya Agassiz ndiwo anayambitsa Younger Dryas atasefukira kudzera mumtsinje wa St Lawrence, pamene mu 2010 Julian Murton ndi gulu lake anapeza zizindikiro za chigumula mumtsinje wa Mackenzie, umene umathira m'nyanja ya Arctic. Olemba athuwa angotenga chimene aliyense amavomereza, chakuti kumpoto kunazizira, n'kufunsa chimene kuzizirako kunachita kuno. Yankho lawo lili pa mzere wa mitambo ya mvula umene a zanyengo amautchula ITCZ pa wailesi nthawi ya dzinja. Mzerewu umakonda mbali ya dziko imene yatentha. Kumpoto kukazizira umakankhidwira kum'mwera, n'kukhazikika pamwamba pa chigwa cha Zambezi. Ndi nzeru yabwino imeneyi, chifukwa kaya apambane ndi a St Lawrence kaya a Mackenzie, mfundo ya Zambezi siigwedezeka.

Komabe nkhaniyi inatuluka ili ndi mnzake wolimbana naye. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho Curt Stager ndi anzake analemba m'magazini ya Science kuti nthawi ya Heinrich inadzetsa chilala choopsa mu Africa ndi Asia, moti nyanja ya Victoria inauma, ya Tana ku Ethiopia chimodzimodzi. Iwo anati chilalacho chinafika ngakhale kum'mwera kwa ikweta, choncho kusuntha kwa mzere wa mvula pakokha sikungafotokoze zonse. Matope a Zambezi akuyankha kuti panali dera limodzi limene linanyowa pamene ena ankauma. Ine ndimaona kuti umboni wa Nyanja ya Malawi ukukomera mbali ya Schefuß. Mu 2002 Thomas Johnson wa ku Duluth ndi anzake anapeza kuti m'nthawi ya Younger Dryas fumbi la mapiri ophulika a Rungwe ku Tanzania linachuluka m'matope a kumpoto kwa nyanjayi. Tanthauzo lake n'lakuti mphepo ya mpoto inkawomba kawirikawiri kuposa masiku ano pamene asodzi amaopa kwambiri mwera. Mpoto amalimba mzere wa mvula ukadutsa kupita kum'mwera.

Pali malo awiri pamene wowerenga wa kwa Kanduku ayenera kuchepetsa liwiro. Oyamba ndi kukula kwa chigwa. Zambezi amasonkhanitsa madzi m'mayiko asanu ndi atatu, m'dera loposa masikweya kilomita 1.3 miliyoni. Phula la tsamba la ku Thambani ku Mwanza ndi la ku Tete akafika kunyanja asakanizikana kale. Chimene paipi ija ikunena ndi chithunzi cha chigwa, osati cha mudzi, ndipo Mwanza ali pakati, kum'mwera kwa kumene Johnson anakumba, kumpoto kwa kumene Schefuß anakumba. Ena achiwiri ndi mtundu wa umboniwo. Gawo lina la zimene olembawa akuzitcha nyengo ya mvula yambiri analiwerenga pa kuchuluka kwa nthaka imene inachoka kumtunda. Mlimi akamva za mvula yambiri amaganiza za nkhokwe zodzadza, koma matope sasiyanitsa mvula yamvumbi yolowa pansi ndi ya mkuntho yokumba zigwembe. Anthu a ku Chikwawa, kumene mtsinje wa Mwanza umakathera, anaona pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 kuti dothi lambiri limafika ku Zambezi m'masiku ochepa a tsoka.

Nyengo yachitatu ija, ya zaka 4,000 zomalizirazi, olembawa aipatsa chifukwa china, ndipo wowerenga wothamanga akhoza kuidumpha, chikhalirecho ndi imene tikukhalamo ife. Panthawiyi ayezi wa ku Canada anali atasungunuka kalekale. Chimene chinachulukitsa mvula ndi mphamvu ya dzuwa m'miyezi yathu yotentha. Njira ya dziko pozungulira dzuwa si yobulungira bwinobwino, ndipo mwezi umene dziko limayandikira dzuwa umasuntha pang'onopang'ono, kutenga zaka pafupifupi 21,000 kuti ubwerere pomwe unali. Pakali pano kuyandikirako kumachitika kumayambiriro kwa Januware, chimanga cha ku Mwanza chili pa msinkhu wofuna feteleza wachiwiri. Nthaka ya kum'mwera kwa Africa imatentha kwambiri, n'kukokera mzere wa mvula kuno popanda choukankha kuchokera ku Atlantic. Zaka 11,000 zapitazo kuyandikirako kunkachitika cha mu Julaye, ndipo matope a Zambezi akusonyeza kuti Younger Dryas itangotha chigwachi chinali chouma kuposa lero.