Luso losunga vitamini C m'botolo

M'mashopu a zodzoladzola a mu Lewisham High Street ndi Deptford High Street, kum'mwera chakum'mawa kwa London, timabotolo tolembedwa kuti muli vitamini C tili mbwee pamashelefu. Ambiri mwa ogula ndi amayi ndi atsikana akhungu lakuda, a ku Nigeria, Ghana, Jamaica ndi akwathu omwe, ndipo nkhawa yawo imafanana: timadontho takuda totsala pankhope chiphuphu chikapola. Kulemba dzina la vitaminiyu papepala aliyense angathe. Amene ine ndimawavulira chipewa ndi aja odziwa kuchita zoti zolembedwazo zikhalebe zoona botolo litakhala miyezi ingapo m'bafa mofunda, likutsegulidwa m'mawa uliwonse.

Vitamini C weniweni, amene akatswiri amamutcha ascorbic acid, ndi ufa woyera wowawasa. Pakhungu amagwira ntchito zitatu: amazimitsa ukali wa tinthu towononga maselo timene timabadwa dzuwa likamenya khungu, amathandiza thupi kupanga kolajeni, komanso amachepetsa liwiro la enzayimu yotchedwa tyrosinase, imene imapanga mtundu wakuda wa khungu. Zonsezi amazichita chifukwa ndi wopatsa, sachedwa kupereka timagawo take. Vuto lagonanso pomwepo. Akangosungunuka m'madzi sasankha womupatsa: mpweya, kuwala, kutentha, kapena kachitsulo ndi kamkuwa kosaoneka ndi maso, zonse zimamudya. Seramu yoyera mbee imayamba chikasu, kenako n'kufiira, ndipo ikafika pamenepo mphamvu yapita.

Dera la Deptford likulidziwa vutoli kuyambira kale, anthu asanadziwe n'komwe kuti kuli vitamini. M'mphepete mwa Thames, pamene lero pali nyumba za Pepys Estate, panali nkhokwe zazikulu za chakudya cha asilikali apamadzi a Britain kuyambira 1742 mpaka 1961. Mdani wamkulu wa amalinyero anali chiseyeye: nkhama kutupa, mano kugwedera, zilonda zakale kutsegukanso. Mu 1747 James Lind anayesa mankhwala osiyanasiyana pa amalinyero 12 odwala, ndipo awiri amene anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga. Koma pofuna kuti madzi a zipatsozo asaonongeke paulendo wautali, Lind analangiza zowatenthetsa pamoto mpaka atsale ochepa okhathamira, osadziwa kuti motowo ukupha vitamini C, chinthu chomwe chinachiritsa amalinyero aja. Patapita zaka zoposa 100, madzi a mandimu ena odutsa m'mapaipi amkuwa analepheranso kuteteza amalinyero. Moto, mpweya ndi mkuwa: adani omwewo ndi amene wopanga seramu akulimbana nawo lero.

Albert Szent-Györgyi ndi Norman Haworth analandira mphotho ya Nobel mu 1937 chifukwa cha ntchito yawo pa vitaminiyu, ndipo pofika nthawiyo ankatheka kale kupangidwa m'fakitale. Kumupanga kunaphweka, koma kumusunga m'madzi kunatenga zaka zambiri. Nzeru imene inapezeka ndi yokongola: kutseka malo enieni amene vitaminiyu amaperekera timagawo take. Ku Okayama, m'dziko la Japan, kampani ya Hayashibara inamangirirapo kashuga ka glucose, n'kupanga ascorbyl glucoside. Ena anamangirirapo phosphate, n'kupanga sodium ascorbyl phosphate ndi magnesium ascorbyl phosphate. Palinso mtundu womangiriridwa ku mafuta, umene umasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Vitaminiyo amakhala ngati chimanga chosungidwa m'nkhokwe ndi makoko ake: anankafumbwe samufikira msanga, ndipo makoko amasendedwa pa tsiku lofuna kudya. Osenda ake ndi ma enzayimu a pakhungu penipeni, amene amadula kashuga kapena phosphate uja n'kumasula vitamini C pamalo ofunikira.

Tsono muoneni wopanga waluso ali patebulo pake, ngakhale akhale wa kachipinda kamodzi wopanga mabotolo ochepa ogulitsa pamsika. Madzi a pampopi sawakhudza, pakuti madzi a mu London ali ndi laimu wambiri ndi tizitsulo tina. Amagwiritsa ntchito madzi ochotsedwa zonsezo. Choyamba kulowa m'madzimo ndi kaufa kochepa kwambiri ka EDTA kapena sodium phytate, kamene ntchito yake ndi kugwira kachitsulo kalikonse kotsalira kasanakumane ndi vitamini. Chovundulira chake n'chagalasi kapena chachitsulo chosachita dzimbiri. Sapima ndi supuni koma ndi sikelo yowerenga mpaka kagawo ka galamu. Mafuta ndi madzi amaziphatikiza zili zotentha, pa madigiri 70 kapena kuposerapo, kuti zigwirizane n'kukhala kirimu. Akatero amaika choyezera kutentha m'mbale n'kudikira.

Kudikira kumeneku ndiye pamaonekera mmisiri. Kirimu amaoneka wokonzeka, woyera, wosalala, ndipo dzanja limayabwa kuti amalize. Iye sathira vitamini mpaka kutentha kutatsika pansi pa madigiri 40. Amamusungunula padera m'timadzi tochepa, n'kumathira pang'onopang'ono, akuvundula mofatsa kuti thovu lisalowe, chifukwa kathovu kalikonse ndi mpweya wotsekeredwa m'katimo. Kenako amaviika kachipangizo koyezera kuwawasa, kamene kamawerenga pH. Apa mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Ascorbyl glucoside amawawasa akasungunuka, choncho amafunika kumukweza dontho ndi dontho mpaka afike pakati pa 5 ndi 7. Sodium ascorbyl phosphate amakhazikika cha pa 6.5 kupita m'mwamba; mukamuika pamodzi ndi zowawasa zosendera khungu, makoko aja amasendekera m'botolo momwemo. Ndiye wopanga wanzeru amalolera kusiya chosakaniza china chotchuka, ngakhale chikanakometsa chikalata cha pabotolo.

Sindikunena kuti mitundu yotetezedwayi imaposa vitamini weniweni. Kafukufuku wa Sheldon Pinnell ndi anzake ku Duke University, wofalitsidwa mu 2001, anaonetsa kuti ascorbic acid amalowa bwino pakhungu ngati pH ili pansi pa 3.5, ndipo kulowako kumafika pachimake pa magawo 20 pa 100 alionse. Umboni wa mphamvu yake ndi wochuluka kuposa wa abale ake omangiriridwawa, amene sasandulika onse kukhala vitamini C akafika pakhungu. Koma kuwawasa kotero kumalasa, ndipo khungu lakuda likapsa mtima limayankha ndi mdima: malo otupa amasiya dontho lina latsopano. Mayi wofuna kuchotsa zipsera angathe kuzichulukitsa ndi seramu yaukali. Wopanga amene wasankha mtundu wofatsa, woyenda pang'onopang'ono koma wofika, waganizira khungu la munthu amene adzagule.

Mfundoyi ndi yolemera chifukwa pali njira yachidule imene yawononga nkhope zambiri, ku London ngakhalenso ku Lilongwe ndi Lusaka. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone analetsedwa m'zodzoladzola ku Britain ndi mayiko a European Union kuyambira 2001, komabe oyang'anira malonda m'makhonsolo a mu London amawalandabe m'mashopu, pamodzi ndi ena okhala ndi mercury kapena ma steroid. Amenewo amasintha nkhope m'masabata ochepa, kenako khungu n'kupyapyala, mitsempha n'kuonekera. Vitamini C sasandutsa munthu mzungu. Amangofafaniza dontho pang'ono ndi pang'ono, m'miyezi iwiri kapena itatu, makamaka ngati munthuyo akudzolanso mafuta oteteza ku dzuwa.

Kirimu akatha, amalowa m'botolo losaonekera m'kati, lopopa popanda kulowetsa mpweya. Koma sanafike pogulitsidwa. Lamulo la ku Britain limafuna kuti katswiri wovomerezeka alembe lipoti la chitetezo cha chodzolacho, ndipo kuyambira 2021 chimalembetsedwa ku Office for Product Safety and Standards chisanapite pamsika. Wopanga amapatulanso timabotolo toyesera: kena m'firiji, kena pawindo padzuwa, kena m'kabokosi kotentha madigiri 40 kwa miyezi itatu. Pakapita milungu ingapo amatitulutsa, n'kudontheza pang'ono papepala loyera moyandikana, kununkhiza, kuyezanso pH, n'kulemba m'kope. Ka m'kabokosi kotentha kakayamba chikasu nthawi isanakwane, amafufuza ngati vuto linali madzi, chovundulira kapena pH, n'kuyambanso kupima ufa wina.