Matope a Jamestown mufilimu ya Terrence Malick

Filimu ya The New World, imene Terrence Malick anatulutsa mu 2005, imakamba za Angerezi 104 omwe anafika ku Virginia mu Epulo 1607 n'kuyamba kumanga mudzi wa Jamestown mu Meyi. Mphamvu yake yagona pa kajambulidwe. Emmanuel Lubezki, yemwe anagwira kamera, anadalira kuwala kwa dzuwa m'malo mwa magetsi, ndipo Jack Fisk anamangadi linga lamitengo pafupi ndi mtsinje wa Chickahominy, kufupi ndi pomwe panali mudziwo.

Zipatso zake zimaonekera pamene John Smith, yemwe akuseweredwa ndi Colin Farrell, akubwerera kuchokera kwa mfumu Powhatan. Kumene akuchokerako kuli udzu wautali, madzi oyera ndi chimanga. Akangolowa pachipata cha linga, kamera imayamba kutsatira matope, nyumba zosatha kumanga, ana auve ndiponso amuna owonda. Ena akukumbabe golide pomwe m'mimba muli pululu! Palibe amene akufotokozera owonera kuti kampani ya Virginia Company ku London inkafuna phindu lamsangamsanga, kapena kuti ambiri mwa obwerawo anali mabwana osazolowera khasu. Maso amadziwonera okha. Mbiri imati pofika Januwale 1608 amoyo anangotsala 38, ndipo nkhope zimenezi zimakukakamiza kukhulupirira.

Koma ikafika nkhani ya ulamuliro, Malick amathamanga. Jamestown inali ndi khonsolo imene mayina a mamembala ake anabwera atatsekeredwa m'bokosi, n'kutsegulidwa atafika kale ku Virginia. Pulezidenti wake woyamba, Edward Maria Wingfield, anzake anamuchotsa pampando mu Sepitembala 1607 pomuimba mlandu wokondera pogawa chakudya, ndipo chaka chotsatira anabwerera kwawo wamoyo. Mufilimuyi amangomuwombera, nkhani n'kuthera pomwepo. Apa ndiye pondidandaulitsa. Anthu anjala akuzengana milandu pa nkhokwe, ameneyo ndi sewero lokwanira palokha, koma chipolopolo chimodzi chalimeza lonse. Lamulo la Smith lomana chakudya aliyense wokana ntchito nalonso silipatsidwa mpata wokwanira.

Nthawi yambiri yapita ku chikondi cha Smith ndi Pocahontas, chikondi chomwe mbiri siichitira umboni, pakuti mtsikanayo anali wa zaka pafupifupi 11 mu 1607. Q'orianka Kilcher wasewera bwino zedi monga Pocahontas, makamaka chakumapeto atakwatiwa ndi John Rolfe, mlimi wa fodya, pamene akuyenda movutikira m'zovala zolemera za ku England. Komabe mawu onong'ona amene Malick amaika pamwamba pa zithunzi amachuluka mpaka kutopetsa.

Wofuna kumva njala ndi fungo la Jamestown aiwonere filimuyi. Wofuna kudziwa mmene anthuwo ankadzilamulirira, mpaka kudzakhala ndi msonkhano wa aphungu mu 1619, akafufuze m'mabuku a mbiri.