Napolo m'Zolemba za Malemu Steve Chimombo

Munthu wokwera phiri la Zomba nthawi ya dzinja, nkhungu itaphimba nkhalango ndipo mtsinje wa Mulunguzi uli kulindima pansi pa matanthwe, sachedwa kuzindikira chifukwa chake makolo anati m'kati mwa phirilo mugona chinjoka chotchedwa Napolo. Iwo ankati chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka, nichigwetsa miyala ndi mitengo, nichikokolola midzi. M'mwezi wa Disembala 1946 anthu a ku Zomba anadzionera okha zimenezi: milatho inapita ndi madzi, ndipo anthu anafa.

Pa nthawiyo a Steve Chimombo anali mwana wa chaka chimodzi, pakuti anabadwira ku Zomba komweko mu 1945. Ataphunzira m'dziko muno, ku Leeds ndi ku Columbia, anadzakhala mphunzitsi pa Chancellor College, m'tsinde mwa phiri lomwelo, ndipo chinjokacho sanachisiye moyo wao wonse. Chili m'ndakatulo za Napolo Poems (1987) ndi Napolo and the Python (1994), chilinso m'buku lalikulu la The Wrath of Napolo (2000).

M'nkhani zoopsa za Azungu mantha amachokera ku mizukwa ya m'nyumba zakale, ndipo wowerenga akatseka buku mantha atha. Kwa a Chimombo si tero ayi. Napolo wao ndi mphamvu imene imadza mosayembekezeka, nitenga munthu osanena chifukwa, otsala naopa ngakhale kufunsa. Wokhala ku Zomba m'masiku a Dr Banda sanasowe womumasulira, pakuti ndende ya Mikuyu ili chapafupi. Chaka chomwecho cha 1987 mlakatuli mnzao wa pa koleji, a Jack Mapanje, anatsekeredwa kumeneko osazengedwa mlandu kufikira 1991. Tsono chinjokacho chinali ngati chigoba cha gule: ovina adziwika kwa eni mudzi, koma ndani angawaloze chala? Bungwe loletsa mabuku likanaiimba mlandu wotani nthano ya agogo?

Komatu chigoba chikalemera, wovina amapunthwa. M'ndakatulo zina Napolo wasenzetsedwa zambiri, ndale, imfa ndi mbiri yakale pamodzi, kotero kuti wowerenga wamba amasokera. Mantha amveka bwino koposa m'nkhani za The Hyena Wears Darkness (2006), mmene choopsa si chilombo cha m'phiri koma fisi wa mwambo wolowa m'nyumba usiku, atanyamula matenda a Edzi. Chodandaulitsa china nchakuti zambiri analemba m'Chingerezi, chikhalirecho sewero lao la Wachiona Ndani? lionetsa kuti Chichewa chinali kuwamvera ndithu. Monga mkonzi wa magazini ya WASI, imene anayamba mu 1990, anatsegulira khomo alembi achinyamata ambiri. Anamwalira mu 2015.

Mwana wa pa sukulu ya ku Domasi kapena ku Thondwe amafika m'kalasi akumudziwa kale Napolo. Mphunzitsi wongoti "nzabodza" wataya chogwirira. Wanzeru amamvetsera nthanoyo kaye, kenaka afotokoza za mvula yochuluka, dothi lokhuta madzi ndi phiri lodulidwa mitengo. Nkhaniyo sinathe ayi. Ku Phalombe mu 1991, ndiponso namondwe wa Freddy atagumula mapiri a Soche ndi Mulanje mu Marichi 2023, opulumuka ambiri anatchulanso dzina lomwelo.