Luso lokonza purosesa pamene ma transistor akunka nachepa

Purosesa ndi kachidutswa ka silikoni kamene kamachita masamu onse a m'kompyuta kapena m'foni. Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor (timaswichi ting'onoting'ono ta magetsi) 2,300, pomwe M1 ya Apple ya mu 2020 ili ndi 16 biliyoni. Komabe mmisiri saweruzidwa ndi kuchuluka kwa ma transistor. Amaweruzidwa ndi ntchito imene wawapatsa.

Mu 1974 Robert Dennard ndi anzake a ku IBM anasonyeza kuti transistor ikachepa imafulumira, n'kumadyanso magetsi ochepa. Kwa zaka pafupifupi 30 amisiri anadalira mfundo imeneyi, nangokweza liwiro la purosesa m'badwo ndi m'badwo.

Pentium 4 ya Intel ndiyo inaonetsa malire a njirayi. Mu mtundu wake wa Prescott, wa mu 2004, lamulo lililonse linkadutsa masitepe 31 kuti liwiro likwere. Vuto linali loti purosesa imalosera kumene pulogalamu ilowere, ndipo ikalosera molakwa, ntchito yonse yomwe inali m'masitepewo imatayidwa. Pamenepo n'kuti ma transistor atachepa mpaka magetsi ayamba kuchucha ngakhale transistor itazimitsidwa. Purosesayo inkatentha kwambiri, liwiro linaima pa 3.8 GHz, ndipo Tejas, yomwe inayenera kulowa m'malo mwake, inathetsedwa chaka chomwecho. Kapangidweka kanasamala kwambiri nambala yokopa wogula kusiyana ndi ntchito yeniyeni.

Core 2 ya mu 2006 inali ndi masitepe 14 okha ndi liwiro lotsikirapo, koma inaposa Pentium 4. Inachokera ku Pentium M, yokonzedwa ku Haifa kuti izigwira ntchito m'malaputopu, momwe batire salola kumwaza magetsi. Kuyambira nthawi imeneyo ma transistor owonjezera akhala akupita ku ma core ambiri (timapurosesa tingapo m'kachidutswa kamodzi), ngakhale kuti zimenezi zimathandiza pulogalamu yokhayo imene ntchito yake imagawika.

Masiku ano mmisiri amayamba wawerengera kutentha. Mu 2011 kampani ya ARM inayamba kuphatikiza ma core amphamvu ndi ena osadya magetsi, kuti amphamvuwo azidzuka pakakhala ntchito yolemetsa. Mu 2019 kampani ya AMD inagawa purosesa ya Zen 2 m'tizidutswa: ma core anapangidwa ndi njira ya 7 nm ya kampani ya TSMC, koma gawo lolumikizana ndi memory linasiyidwa pa njira yakale yotsika mtengo, chifukwa gawo limeneli silipindula kwenikweni likachepetsedwa.