Mmisiri wotseka oyilo wodontha

Njinga yamoto ikakalamba imayamba kusiya madontho akuda pomwe yagona. Ambiri timangothiramo oyilo wina n'kupitiriza ulendo. Ine ndimalemekeza makaniko amene amakana zimenezo.

Muoneni akalandira Honda CG125 yakale, mtundu womwe unayamba kupangidwa m'ma 1970. Sathamangira sipanala. Amayamba watsuka injini yonse ndi palafini, n'kuiumitsa, n'kuiliza pang'ono, kenako amawazapo ufa kuti aone pomwe payambe kunyowa. Amadziwa kuti oyilo amanamiza: amatsetsereka pansi, mphepo n'kumukankhira kumbuyo, ndiye pomwe pakuoneka ponyowa si pomwe pali bala. Mwina ndi gasiketi ya pamwamba, mwina silu ya kuseri kwa sipuloketi, kapena kawashala ka bawuti yotsitsira oyilo basi.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene amapalira gasiketi yakale. Amapala modekha, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa, ndipo kamzere kamodzi ka mpeni kamasanduka njira ya oyilo. Gasiketi yatsopano ikasowa, amayala pepala la gasiketi pachivundikiro n'kumagogoda m'mbali ndi kahamala mpaka mabowo onse atuluke. Silikoni sapaka wambiri. Wotsalira amakatseka tinjira ta oyilo mkati. Mabawuti amamanga mopingasa, pang'onopang'ono, kuopa kudula mazinga.

Asanabweze njinga amayang'ananso kapaipi kopumira injini. Kakatsekeka, mpweya umapanikizika mkati n'kukankha oyilo pa silu yatsopano yomweyo. Amasamala chonchi chifukwa injini ya njinga yotere imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo wa kabaza amadyetsa nayo banja.