Kujambula Pamene Luzi Laduka

Chaka cha 2023, kolera itavuta m'chigawo cha Tete ndi ku Malawi komwe, ndinaperekeza mlongo wanga ndi mwana wake kuchipatala china cha kuno ku Angónia. Pakhoma, pafupi ndi ndowa yosambira m'manja, anamatapo chithunzi cha kachilombo ka kolera: kobiriwira, maso ofiira psu, mano ngati a fisi. Mwanayo anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikoka malaya.

"Malume, kamatiluma ndi mano amenewo?"

Ndinamuuza kuti ayi, kachilomboka kalibe ndi pakamwa pomwe. Anafunsanso: "Nanga kamatipweteka ndi chiyani?" Funso limenelo ndayenda nalo mpaka lero, ndipo landifikitsa pa luso limene anthu salitchula kawirikawiri akamakamba za zojambulajambula: luso lojambula zinthu zimene diso silingaone.

Wojambula wa pakhoma uja sindikumunyoza. Anthu ankafa, ndipo chithunzi chake chinathandiza kuti ena asambe m'manja. Koma iye anatenga mantha amene tili nawo kale pa chilombo cha m'tchire n'kuwaveka kanthu kakang'ono. Anatipatsa mdani wodziwika nkhope, osatisonyeza mmene mdaniyo amagwirira ntchito. Ine ndikuti wojambula zosaoneka amayesedwa pa chinthu chimodzi: kodi angatisonyeze chochitika chenicheni popanda kubwereka mano kwa fisi?

Mayeso abwino a lusoli ndi timatumba timene mabakiteriya amatulutsa pakhungu pawo. Mu 1967, S. N. Chatterjee ndi J. Das a ku Calcutta anaika bakiteriya wa kolera pa maikulosikopu ya ma elekitironi, ndipo anaona khungu lake lakunja likutupa malo ena ngati matuza, kenaka matuzawo n'kuthothoka, kukhala timipira totsekeka. Anaziona pa mabakiteriya amoyo bwino, amene anali pakati pochulukana. Komabe kwa zaka zambiri akatswiri ochuluka ankati zimenezi ndi zinyalala chabe, zidutswa za mabakiteriya akufa. Chifukwa chake china chili m'chithunzi momwemo. Makina amenewa sajambula chamoyo chikuyenda. Chinthucho chimayamba chaumitsidwa. Chithunzi chake chimakhala chotuwa, ndipo kampira kamodzi pambali pa bakiteriya sikanena ngati kanachoka mwadongosolo kapena kanangogwa.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni? Mabakiteriya a mtundu wa kolera ndi E. coli ali ndi zikopa ziwiri zopyapyala, ndipo pakati pa zikopazo pali khoma lolukana ngati ukonde. Chikopa chakunja sichinangoyalidwa. Chinamangidwa ku khomalo ndi timapuloteni tambirimbiri, monga mmene wofolera nyumba amamangira udzu ku mapaso ndi luzi. Mu E. coli, luzi lalikulu ndi puloteni imene Volkmar Braun wa ku Germany anaifotokoza mu 1969. Pamene luzi lili lokwanira, chikopa chimagona. Pamene lachepa, monga pakati pa bakiteriya akamagawika pawiri, chikopa chimadzuka. Zinthu zikaunjikana pansi pake, zidutswa za khoma kapena mapuloteni opindika molakwika, zimachikankha kuchokera mkati. Mafuta ena akachuluka ku mbali yakunja ya chikopacho kuposa ya mkati, nachonso chimapindika chokha. Thuzalo limakula, khosi lake n'kuning'a monga woumba mbiya amapanira dongo ndi zala, mpaka limaduka. Chikopa chimatsekeka kumbuyo, bakiteriya amapitiriza moyo, ndipo katumba kamapita ndi zimene kanyamula.

Taonani vuto la wojambula pamenepa. Chiyambi cha nkhani yonse ndi chinthu chimene palibe: luzi losowa. Kujambula dzino n'kosavuta. Kujambula malo amene pakanayenera kukhala chomangira koma palibe, n'kwina.

Amene ndimamuona kuti anapeza njira yake ndi David Goodsell, wasayansi wa ku Scripps Research ku California, amene amajambula ndi utoto wamadzi. Buku lake, The Machinery of Life, linatuluka mu 1993, ndipo linasindikizidwanso ndi zithunzi za mitundu mu 2009. Chithunzi chake cha E. coli ndinachiona koyamba pafoni, ndipo ndinaganiza kuti ndi chitenje. Zikopa ndi khoma anazipaka zobiriwira, mkati mwake buluu ndi pepo, ndipo ulusi wa DNA ndi wachikasu. Saika kuwala kong'anima. Kanthu kalikonse ali ndi mtundu umodzi wosalala ndi mzere wakuda m'mphepete, ndipo zakumbuyo amazidetsa pang'ono kuti zakutsogolo zituluke. Asanagwire burashi amayamba wawerenga zimene akatswiri anayeza: puloteni iyi ndi yaikulu bwanji, ilipo ingati, imakhala pati. Ndiye amailemba ndi pensulo imodziimodzi.

Mwambo wake waukulu ndi muyeso. Zonse za m'chithunzi amazikuza mofanana, kawirikawiri ka 1 miliyoni. Ndinayesa kuwerengera ndekha. E. coli ndi wautali pafupifupi mamaikulomita 2, kotero pa muyeso umenewo amatalika mamita 2, ngati chitseko cha nyumba. Timatumba tija timayambira pa mananomita 20 kufika cha m'ma 250; pachitsekopo tingakhale kuyambira kukula kwa mtedza mpaka dzungu, ndipo tambiri tingafanane ndi mbatata ya kachewere imene timagula pamsika wa Ulónguè. Chikopa chenichenicho sichingafike sentimita imodzi kuchindikala kwake. Munthu akangomva choncho, nkhaniyo imachoka m'buku n'kubwera m'manja.

Mwambo wachiwiri ndi wothithikana. Mabuku a sukulu amajambula bakiteriya ngati thumba la madzi momwe mukuyandama tinthu titatu kapena tinayi. Goodsell amadzaza pepala ngati msika wa pamalire a Calomue ndi Dedza tsiku lake, mopanda poponda. Apa ndi pamene njira yake imayankhira vuto la luzi lija. Ukajambula timapuloteni tomangira tonse, tondandalika pansi pa chikopa kuyambira uko mpaka uko, diso limazolowera mzerewo. Likafika pamene mzere wadumpha, limaima lokha. Sipafunika muvi kapena mawu. Wofolera aliyense wa ku Domué amadziwa zimenezi: pomwe pathawa luzi umapaona chifukwa pena ponse pamangidwa bwino.

Mivi ndiyo imandivuta kwambiri m'zithunzi za m'mabuku a sayansi. Amajambula thuza, muvi, thuza lalikulupo, muvi, katumba kozungulira bwino. Mivi imeneyi imanena kuti njira ndi imodzi ndiponso yaukhondo. Koma mu 2016 ofufuza a ku Sydney ndi anzawo anasonyeza kuti mabakiteriya ena a Pseudomonas amaphulika ndithu, ndipo zidutswa za chikopa chawo zimadzipinda zokha kukhala timatumba, zitakokolola ndi DNA yomwe. Kutupa kulipo, kuphulika kuliponso, ndipo timatumba ta njira ziwirizi sitinyamula katundu wofanana. Wojambula amene wasankha njira imodzi n'kuiika pakati pa mivi watibisira theka la nkhani.

Goodsell nayenso ali ndi pomwe amaperewera, ndipo ndinena poyera chifukwa ntchito yake ndimaikonda. Amachotsamo madzi ndi tinthu tating'onoting'ono, apo ayi pepala lonse likanakhala phala. Chonsecho madzi ndiwo gawo lalikulu la bakiteriya. Chachikulu n'chakuti zithunzi zake zili duu. Mkati mwa bakiteriya zonse zimanjenjemera ndi kugundana kosalekeza, ndipo chikopa chimayenda ngati mafuta pamwamba pa msuzi. Pa chinthu ngati katumba, chimene moyo wake wonse ndi kutupa, kuning'a ndi kuduka, bata limeneli limadula nkhani. Kukongola kwake nakonso kumandipatsa maganizo. Ndinaona anthu akuchepa thupi m'maola ochepa ndi kolera, ndipo mitundu yofewa ija siinena chilichonse za zimenezo. Wojambula wa pakhoma la chipatala, ndi mano ake abodza, anali ndi chinthu chimodzi choona chimene Goodsell alibe: changu.

Komabe mtundu ukasankhidwa moona umaphunzitsa zimene mantha sangaphunzitse. Katumba kakapakidwa mtundu womwewo wa chikopa cha mayi wake, woona amamvetsa yekha zinthu zingapo. Amamvetsa chifukwa chake kangakhale nyambo: mavairasi amene amadya bakiteriya wa kolera amakakamira pa katumba poyesa kuti ndi bakiteriyayo. Amamvetsa kuti poizoni wina amayenda atakulungidwa, kufika kumene bakiteriya mwiniwake sanafike. Amamvetsanso chifukwa chake akatswiri a ku Cuba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anapanga katemera wa matenda oumitsa khosi ndi timatumba totere: ndi chovala cha mdani chopanda mdani mkati, ndipo thupi limaphunzira nkhope yake osadwala.

Titabwerera kunyumba kuchokera kuchipatala tsiku lija ndinalibe utoto. Patapita masabata angapo ndinatenga khala kukhitchini, n'kumuitana mwana uja kuseri kwa nyumba. Pachipupa ndinalemba mizere iwiri yoyandikana, yaitali ngati chitseko, ndipo pakati pake ndinayamba kulemba timizere tifupitifupi tolumikiza mzere wakunja ndi wamkati. Ndinamupatsa khala kuti apitirize. Analemba mwakhama, lilime lili panja, mpaka ndinamugwira dzanja kuti adumphe malo otalika ngati chikhatho chake, kenaka apitirize kutsogolo.

Atamaliza anabwerera m'mbuyo, n'kuloza pomwe panalibe timizere.

"Apa sipanamangidwe, malume. Patukuka."

Ndinamuuza kuti ajambule mmene patukukire. Anafufuta mzere wakunja ndi chala pamalopo, n'kulemba chotupa chonga mbatata, khosi lake lili lopyapyala. Mayi ake anamuitana kuti akasambe m'manja, nsima itapsa.