Mfuti Yopanda Chipolopolo ndi Mbiri Yopanda Magazi

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America, nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale sizikhutira ndi kuyala zida ndi zovala m'makabati agalasi, koma zimaitana otsanzira mbiri, ndiko kuti anthu amene amavala, kulankhula ndi kugwira ntchito monga a m'nyengo inayake yakale. Mizu ya luso limeneli ili ku Skansen, mu mzinda wa Stockholm, kumene Artur Hazelius mu 1891 anasonkhanitsa nyumba zakumudzi za ku Sweden naikamo anthu ovala zamakolo, ndipo linakhwima ku Plimoth, m'boma la Massachusetts, kumene otsanzira amakhala ngati a m'chaka cha 1627, osadziwa chilichonse chimene chinadza pambuyo pake. Wotsanzira amaweruzidwa pa zinthu ziwiri, kufanana ndi zakale ndiponso kusavulaza munthu, ndipo ngakhale ambiri amaziona ngati zolimbana, nthawi zambiri zimachokera m'dzanja limodzi la mmisiri wosamala.

Amene amatsanzira asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America, imene inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, amatha kukangana pa mabowo a mabatani ngati asokedwa pamanja kapena pamakina, ndi pa nsapato ngati zakhomedwa ndi timisomali tamtengo. Kukangana kotere kuli ndi maziko, chifukwa jekete la ubweya wa nkhosa likavalidwa padzuwa la mwezi wa Julayi limasintha kayendedwe ka munthu, limamukhetsa thukuta ndi kumuwumitsa kukhosi, kotero kuti woonera amaona kutopa kwenikweni kumene nsalu yopepuka ya masiku ano ikanabisa. Komabe jekete lomwelo likhoza kukomola wolivala, n'chifukwa chake magulu ambiri salola munthu kulowa m'bwalo botolo lake la madzi lisanadzazidwe.

Pa mfuti ndi pamene luso limayesedwa kwenikweni. Msilikali wa nthawi imeneyo ankang'amba ndi mano kathumba kapepala, kuthira onga kukamwa kwa mfuti, kuponyamo chipolopolo, kenaka n'kutsindira ndi ndodo yachitsulo, monga amachitira mlenje wa gogodela. Wotsanzira amathira onga wokha, ndipo pankhondo yoyerekezera ndodo ija saisolola n'komwe, pakuti ikaiwalika m'mfuti mkati mwa phokoso ndi utsi imauluka ngati mkondo. Mpeni wa kunsonga kwa mfuti saumangirira, ndipo adani akayandikira amaloza mfuti pamwamba pa mitu yawo. Apa choonadi chachotsedwa mwadala, ndipo nyumba yokhulupirika iyenera kuuza alendo ake zimene zachotsedwazo. Pa mzinga, mfuti yaikulu ija yamagudumu, zinthu n'zosiyana: wina amapukuta mkati ndi chipukutiro chonyowa kuti azimitse timakala totsala, pamene mnzake watseka kabowo koyatsira ndi chala chachikulu chovekedwa chikopa kuti mpweya usakolezere moto. Oomba mizinga akale ankachita zomwezi poopa kuduka manja, choncho gulu limene limatsata mwambo wakale bwinobwino ndi lomwenso limatuluka lamoyo.

Malamulowa analembedwa chifukwa cha mabala enieni. Mu Julayi 1998, pokumbukira zaka 135 za nkhondo ya ku Gettysburg, wotsanzira wina anawomberedwa pakhosi ndi mfuti ya m'manja imene munatsalira chipolopolo; anapulumuka, koma ngoziyo inaonetsa kuti kuyendera mfuti iliyonse seweroli lisanayambe ndi mbali ya luso lenilenilo. Bungwe la National Park Service, loyang'anira malo ankhondo akale m'dzikomo, sililola kuti pamalo ake magulu awiri awomberane moyerekezera kapena kunamizira kufa, poganizira ngozi ndiponso ulemu wa anthu amene anafera pomwepo.

Chifukwa chachiwirichi chimaloza kumene luso limeneli limapunduka koposa. Ku Gettysburg mu 1863 anthu pafupifupi 51,000 anaphedwa, kuvulala, kugwidwa kapena kusowa m'masiku atatu, pamene m'sewero ogwa amadzuka, kusansa fumbi, oonera n'kuwomba m'manja. Batani likhoza kukhala loona pamene nkhani yonse ikunama, ndipo nkhondo yopanda kulira imasocheretsa mwana wasukulu kuposa nsapato yolakwika.

Colonial Williamsburg, tauni yakale yosungidwa ngati malo oonetsera mbiri m'boma la Virginia, inalimbana ndi vutoli pa 10 Okutobala 1994, pamene inachita sewero la malonda a katundu momwe akapolo anayi anagulitsidwa pamaso pa khamu la anthu. M'zaka za m'ma 1770 pafupifupi theka la anthu a m'tauniyo anali akuda, ambiri mwa iwo akapolo, koma kwa zaka zambiri alendo ankangoona mabwana ndi minda yamaluwa. Christy Coleman, amene anatsogolera seweroli, anatenga yekha mbali ya kapolo woyembekezera. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu akuda, kuphatikizapo NAACP, anatsutsa poopa kuti ululu wa makolo awo usanduka chosangalatsa alendo, ndipo mantha awo anali omveka, ngakhale mmodzi wa atsogoleri awo anasintha maganizo ataonera. Apa panalibe onga, koma ngozi inalipo, chifukwa munthu amene waima pabwalo kuti anzake amutchule mtengo amanyamula katundu wolemera mumtima, ndipo amafunika kukonzekeretsedwa, kuloledwa kukana ndi kusamalidwa sewero likatha. Nyumba imene imayendera mfuti iliyonse koma osalabadira zimenezi, malamulo ake a chitetezo ndi operewera.